Kanjira n'kako, koma pakamwa pake m'pa onse: nkhani ya oprit ku Netherlands

Pa Chichewa, malo amene galimoto imadutsa ikachoka mumsewu kulunjika kugalaja alibe dzina lawolawo. Timangoti polowera galimoto, kapena pabwalo, ndipo mlendo akafika timamuuza kuti aimike pageti pomwepo, nkhani n'kuthera pompo. Ku Netherlands kachigawo komweko, ka mamita ochepa chabe, kali ndi mayina angapo, ndipo mayinawo si okometsera chilankhulo ayi. Dzina limene kapatsidwa ndi limene limanena woyenera kupempha chilolezo, woyenera kulipira, komanso wolakwa galimoto ikagunda wapanjinga.

Mutaimitsa Mdatchi panjira n'kumulozera malowo, adzati oprit. Mawuwa ndi awiri olumikizidwa: op, kutanthauza pamwamba, ndi rit, ulendo wa pagalimoto, panjinga kapena pahatchi. Oprit ndi malo oyalidwa njerwa pambali pa nyumba kapena kumaso kwake, pamene galimoto ya pakhomopo imagona. Koma dzina lomweli ndi la kamsewu kolowera mumsewu waukulu wothamanga, ndipo kotulukira amati afrit. Wailesi ikalengeza kuti oprit ina ya pa msewu wa A2 yatsekedwa, sikunena za pakhomo pa munthu. Palinso oprijlaan, yomwe ndi msewu wautali wa mitengo uku ndi uku wolunjika kunyumba ya mwinichuma, ngati nyumba zimene amalonda a ku Amsterdam ankamanga m'mbali mwa mtsinje wa Vecht m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Munthu wa kanjira kongokwana galimoto imodzi atati kwake kuli oprijlaan, anzake angomuseka.

Amene anakhalapo ku Joni sangadabwe kwambiri ndi mawu ena mwa awa, chifukwa Chiafrikaans ndi mwana wa Chidatchi. Koma achenjere ndi stoep. Ku South Africa stoep ndi khonde, pomwe munthu amakhala madzulo kupitidwa mphepo, pamene ku Netherlands stoep ndi njira ya oyenda pansi m'mbali mwa msewu, ndipo mwini wake ndi khonsolo. Erf yokha ndiyo sinasinthe kwenikweni: konsekonse ndi poloti. Mawu awiriwa, stoep ndi erf, ndiwo agwira nkhani yonseyi, chifukwa mkangano uli pamene erf yathera ndipo stoep yayambira.

Chodabwitsa n'chakuti m'malamulo amene amalamulira kanjiraka, mawu oti oprit sindiwo amagwira ntchito. Malamulo a pamsewu amati inrit ndi uitrit, polowera ndi potulukira, malo amodzi omwewo kungosiyana kumene galimoto yaloza. Malamulo a makhonsolo amati uitweg, njira yotulukira. Boma silikusamala kwenikweni za pamene galimoto yanu imagona. Diso lake lili pakamwa pa kanjirako, pamene kakhudza malo a anthu onse.

Kuti mumvetse chifukwa chake, yang'anani msewu wamba wa m'tauni ya ku Netherlands kuyambira pachitseko cha nyumba. Pali kadimba kakang'ono, kenako malire a poloti monga analembedwera ku Kadaster, ofesi yosunga mabuku a malo. Kupitirira malirewo pali stoep ya matailosi a simenti a masentimita 30 mbali zonse, mwina mtengo kapena kapinga, m'misewu ina njira yofiira ya njinga, malo oimikapo magalimoto, kenako msewu weniweni. Galimoto yotuluka pakhomo iyenera kudula zonsezi. Ndipo dzikoli n'lopanikizana: anthu pafupifupi 18 miliyoni pa malo ongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a Malawi, ndi njinga zochuluka kuposa anthuwo. Mita iliyonse ya m'mbali mwa msewu ili ndi amene akuifuna.

N'chifukwa chake simungangodzuka m'mawa, kuitana mmisiri, n'kugumula mwala wa m'mphepete mwa stoep. Khonsolo iliyonse, ndipo zilipo zopitirira 300, ili ndi malamulo ake a m'deralo, ambiri otengera chitsanzo cha bungwe la makhonsolo la VNG. M'makhonsolo ena mumangodziwitsa kuti mukufuna kuboola uitweg, ndipo akapanda kukuletsani pa nthawi yoikika mumapitiriza. M'makhonsolo ena mumapempha chilolezo chenicheni, chotchedwa omgevingsvergunning, kudzera pa intaneti. Kuyambira pa 1 January 2024 zilolezo zoterezi zimadutsa pansi pa lamulo lalikulu la Omgevingswet, limene linasonkhanitsa malamulo ambiri a za malo, zomanga ndi chilengedwe. Nthawi zambiri yankho limayenera kubwera pasanathe masabata 8, ndipo chilolezo chikatuluka, woyandikana nanu amene sanakondwe ali ndi masabata 6 okadandaula. Milandu ina ya kanjira ka mamita atatu imakafika mpaka ku Raad van State ku Den Haag, bwalo lalikulu loweruza mikangano ya nzika ndi boma.

Zifukwa zokanira n'zodziwika. Ngati potulukirapo pali pafupi ndi mphambano kapena pokhota, pamene galimoto yobwerera m'mbuyo ingadzidzimutse anthu, amakana. Ngati pafunika kudula mtengo wa khonsolo kapena kuwononga kapinga wa onse, akhoza kukana. Ngati polotiyo ili kale ndi njira ina yotulukira, yachiwiri imavuta kupeza. Koma chimene chimautsa mapiri pachigwa ndi malo oimika magalimoto. Mwininyumba amaona kuti akuthandiza: galimoto yake ikuchoka mumsewu kukagona pakhomo, ndiye anzake apeza malo. Khonsolo imawerenga mwina. Malo a mumsewu aja anali a aliyense: m'mawa ankaimapo namwino wodzaona gogo wa nyumba yachitatu, masana galimoto yobweretsa katundu, usiku aliyense wofika msanga. Akasanduka pakamwa pa uitweg, atha ntchito usana ndi usiku, ngakhale mwininyumba atapita kutchuthi ku Spain mwezi wathunthu. Malo a anthu makumi asanduka a banja limodzi. Kwa ine kuwerenga kwa khonsoloku n'kolondola, ngakhale ndikumvetsa kupweteka kwa munthu amene mnzake wa nyumba yoyandikana anaboola kale zaka 30 zapitazo malamulo asanalimbe, ndipo iye lero akumukana.

Chilolezo chikaperekedwa, m'makhonsolo ambiri mbali ya stoep simumanga nokha. Khonsolo imatumiza kontilakitala wake, amatsitsa mwala wa m'mphepete, amaika njerwa zolimba zoti zisaphwanyike ndi kulemera kwa galimoto, ndipo ngati panali mzati wa magetsi amausuntha. Bilu yonse imabwera kwa inu, koma malowo amakhalabe a khonsolo. Mwalipira, koma simunagule. Ndiponso kukhala ndi kadimba kokwana galimoto sikutanthauza kuti mungaimikemo: mapulani a madera ambiri amaletsa kuimika galimoto m'dimba la kumaso kwa nyumba, poopa kuti msewu wonse ungasanduke chionetsero cha mabampala.

Kumidzi nkhani imatenga fungo lodziwika kwa ife. Aliyense amene anamangapo m'tauni kuno amadziwa za kalavati wa pageti: ngalande ili pakati pa mpanda ndi msewu, ndiye umaika paipi kapena silabu kuti galimoto iwoloke, ndipo paipiyo ikachepa, mvula ya January imakankhira madzi ndi zinyalala pakhomo pa mnzako. Ku Netherlands, kumene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dziko lili m'munsi mwa nyanja, ngalande si nkhani yocheza. Kanjira kowoloka ngalande kamafuna chimene amati dam met duiker, dothi lounjika lokhala ndi paipi pansi, ndipo mwini nkhani pamenepo ndi waterschap, bungwe loyang'anira madzi. Mabungwewa alipo 21, ali ndi zisankho zawozawo ndi msonkho wawowawo, ndipo ena mizu yawo inayamba m'zaka za m'ma 1200. Ndiwo amanena kukula kwa paipiyo ndi kuya kwake. Msewu ukakhala wa chigawo, chilolezo chimachokera kuboma la chigawocho, ndipo pamisewu yothamanga safuna makomo ambiri otulukira. Kuyambira m'ma 1990 Adatchi anagawa misewu yawo monga mwa ntchito yake, ndipo gulu lotsikitsitsa analitcha erftoegangsweg, msewu wofikira pamapoloti, wa liwiro la makilomita 30 pa ola m'tauni ndi 60 kumidzi. Mmenemo ndi mmene timanjira ta m'makomo tiyenera kutulukira.

Tsopano tifike pamene dzina limasanduka ndalama ndi mlandu. Ku Netherlands amayenda kumanja kwa msewu, mosiyana ndi ife, ndipo pamphambano yopanda zikwangwani woyamba kudutsa ndi wochokera kudzanja lamanja. Lamuloli ndi lamphamvu kwambiri m'madera okhala anthu: kamsewu kakang'ono kakhoza kuimitsa msewu wooneka waukulu, bola kali kumanja. Koma ndime 54 ya malamulo a pamsewu a RVV 1990 imati wotuluka pa uitrit kapena wolowa pa inrit ayenera kupatsa mpata aliyense. Aliyense ndithu: galimoto, njinga, mwana wothamanga pa stoep, gogo wa ndodo. Ndiye malo amodzi omwewo, mukawatcha kamsewu muli ndi ufulu woyamba, mukawatcha uitrit ndinu womaliza pamzere.

Vuto n'lakuti malamulowo sanena kuti uitrit n'chiyani. Anasiyira oweruza, ndipo oweruza anazika nkhaniyi pa mafunso awiri. Loyamba: kodi njirayo ikupita kuti? Ngati ikuonekeratu kuti ikungothera pagalaja, pafakitale kapena pafamu, ndi uitrit. Lachiwiri: kodi inamangidwa bwanji? Apa mpamene akatswiri a misewu anapezera chida. Akafuna kuti kamsewu kamtauni kagonjere msewu wina popanda kudzala zikwangwani, amamanga pakamwa pake ngati pakhomo pa munthu. Stoep imapitirira osaduka, pa msinkhu wake womwewo ndi matailosi ake omwewo, ndipo mbali zonse ziwiri amaika timiyala totsetsereka totchedwa inritblokken. Dzina lake ndi uitritconstructie. Kumbuyo kwake kukhoza kukhala nyumba 100 ndi chikwangwani cha dzina la msewu, koma pamaso pa lamulo mukutuluka pageti.

Tiyerekeze dalaivala wozolowera misewu ya ku Blantyre amene wabwereka galimoto ku Utrecht. Waphunzira movutikira kuti wochokera kumanja ndiye woyamba, ndipo lero mwayi wamugwera, iye ndi amene ali kumanja. Akufika pakamwa pa kamsewu, matayala akutsogolo akukwera pang'ono, gudu, pansi phokoso lasintha kuchoka pa njerwa kufika pa matailosi. Kumanzere kukubwera mayi panjinga ya bokosi kutsogolo, muli ana awiri, ndipo sakuchepetsa liwiro ngakhale pang'ono, sakuyang'ananso n'komwe. Mayiyo si wamwano. Iye waona kuti stoep sinaduke, ndipo akudziwa kuti galimotoyo ndi mlendo pamalo a oyenda pansi. Kagudu kaja ndiko kanali chikwangwani chonse.

Zikalakwika, lamulo silikhala pakati. Ndime 185 ya Wegenverkeerswet, lamulo lalikulu la za pamsewu, imateteza oyenda pansi ndi apanjinga akagundana ndi galimoto, ndipo makhoti anaiwonjezera mphamvu: mwana wosakwana zaka 14 amalipiridwa zonse pafupifupi nthawi iliyonse, ndipo wamkulu amalandira osachepera theka ngakhale atalakwako, pokhapokha dalaivala atasonyeza kuti panalibiretu chimene akanachita. Wotuluka pa uitrit chobwerera m'mbuyo, mpanda wa maluwa utamutchinga maso, alibe poyambira kudziteteza. Mavuto enieni amabwera pa malo omangidwa mwatheka: stoep yaduka koma timiyala tilipo, kapena matailosi apitirira koma m'mphepete mwakhota ngati mphambano. Pamenepo makampani a inshuwalansi amatumizirana zithunzi kwa miyezi.

Njira yomangira ya uitritconstructie ija imaoneka kwambiri potuluka mu woonerf, misewu ya m'makomo imene inayambira ku Delft chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 n'kulowa m'malamulo mu 1976. Mmenemo anthu amaloledwa kuyenda ndi kusewera pamsewu ponse, galimoto siipyola makilomita 15 pa ola, ndipo imaima pokhapokha pamene palembedwa. Msewu wonse amautenga ngati bwalo la pakhomo, ndiye n'zomveka kuti pakamwa pake pafanane ndi geti.

Pali kalamulo kena kamene kamakwiyitsa ngakhale eni dziko. Ndime 24 ya RVV imaletsa kuimika galimoto kutsogolo kwa inrit kapena uitrit, ndipo siinena kuti kupatula mwini wake. Mwaboola nokha, mwalipira nokha, amene mukumutsekera ndinu nokha, komabe woyang'anira akhoza kukusiyirani chindapusa. Zimamveka zopusa mpaka utaganiza kuti woyang'anirayo sangadziwe kuti galimoto iyi ndi ya nyumba iyi, ndiponso kuti malowo akanaloledwa, mwininyumba akanakhala ndi malo awiri, wina pakhomo wina mumsewu wa onse. Ku Belgium, kumene chigawo cha Flanders chimalankhula Chidatchi chomwecho, anathetsa vutoli mwanzeru ina. Mukalemba nambala ya galimoto yanu moonekera pageti kapena pachitseko cha galaja, galimoto ya nambala imeneyo imaloledwa kuima pamenepo. N'chifukwa chake mukamayenda ku Gent kapena ku Antwerpen mumaona zitseko za magalaja zomatidwa manambala ngati kuti nazonso zinalembetsedwa.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amalimbira chonchi kanjiraka? Kale chinali chabe chisangalalo chosazungulira kufuna malo madzulo. Lero oprit ndi ndalama. Mwini galimoto yamagetsi amene ali nayo amaika potchajira pakhoma n'kumagwiritsa magetsi a m'nyumba, mwinanso a masola a padenga, pamene mnzake wopanda oprit amadalira potchajira pa mumsewu, pokwera mtengo, ndipo kudutsitsa waya pa stoep si khonsolo iliyonse imalola. Galimoto imene simukuyendetsa mukhoza kuiimitsa m'kaundula wa RDW, ofesi yolembetsa magalimoto, kuti musalipire msonkho ndi inshuwalansi, koma ikatero siyenera kupezeka pamsewu wa onse, ngakhale itangoima. Ngolo yogonamo ya patchuthi, imene Adatchi amaikonda kwambiri, m'makhonsolo ambiri siiloledwa kukhala mumsewu kupitirira masiku atatu otsatizana. Koma walira mvula walira matope. M'mizinda ngati Amsterdam, kukhala ndi malo akoako oimikapo kumachepetsa kapena kuchotseratu mwayi wopeza chilolezo choimika mumsewu, ndipo potchajira pa khonsolo amaikira amene alibe pakhomo. Wodzaza galaja ndi njinga zakale ndi makatoni amauzidwa kuti galaja ndi galaja basi.

Kanjira kakatalika n'kuyamba kutumikira nyumba zingapo, timalowa m'dera la chikwangwani china chimene mungachione kumidzi: eigen weg, msewu wa mwini. Ambiri amaganiza kuti chikutanthauza kuti musalowe. Ayi. Lamulo la misewu la 1930, Wegenwet, limati njira imene aliyense wakhala akudutsa momasuka kwa zaka 30 zotsatizana imasanduka ya onse, kapena zaka 10 ngati boma ndi limene lakhala likuikonza. Ikatero mwini malo sangaitsekenso, ngakhale dothi likadali lake. Chikwangwani cha eigen weg chimaimitsa wotchi imeneyi. Chikunena kuti dutsani, koma dziwani kuti mukudutsa mwa chisomo changa. Ife amene tinaonapo kanjira kachidule kodutsa m'munda mwa munthu kakukula chaka ndi chaka mpaka kutenga ngolo ndi njinga zamoto, tikudziwa chimene mwinimundayo ankasowa. Wofuna kuletseratu anthu amaika chikwangwani china, cha verboden toegang, chotchula ndime 461 ya malamulo a milandu. Ndipo pomwe anthu akudutsa momasuka, ngakhale pali eigen weg, malamulo a pamsewu amagwirabe ntchito.

Pakati pa oyandikana nyumba nkhani imakhala ya mapepala. Nyumba ziwiri zikamagwiritsa oprit imodzi, kapena wina akamadutsa pa mnzake kuti afike kugalaja ya kuseri, ufuluwo amautcha erfdienstbaarheid. Umalembedwa kwa notaris, loya wa boma wosindikiza mapangano, n'kusungidwa ku Kadaster, ndipo umamatirira pamalo, osati pa munthu: nyumba ikagulitsidwa, wogula amaupeza. Mikangano imabuka pa mawu a m'pepalalo. Chikalata chakale chikhoza kunena za kudutsa wapansi kapena ndi wilibala, pamene mdzukulu lero ali ndi galimoto yaikulu, ndipo ufulu wodutsa si ufulu woimika. Amene poloti yake yatsekeredwa mbali zonse sasiyidwa pamphepo: ndime 57 ya buku lachisanu la Burgerlijk Wetboek imamulola kupempha noodweg, njira ya pamavuto, kudutsa kwa mnzake, koma molipira.

Chatsala ndi chimene chili kuseri kwa malire, pa dothi lanu lenileni, ndipo ngakhale kumeneko dzanja la boma layamba kufikako, kudzera m'madzi. Mabanja ambiri anayala matailosi dimba lonse kuti asavutike ndi udzu, ndipo mvula yamphamvu ikagwa madziwo alibe kolowera koma m'mapaipi a mumsewu, amene amasefukira. Ku Flanders, chimene mungayale kumaso kwa nyumba popanda chilolezo ndi njira yokhayo yofunikadi kufika pachitseko ndi pagalaja. Ku Netherlands anasankha kunyengerera ndi mpikisano. Mu 2020 Rotterdam ndi Amsterdam anapikisana kuti aone wozula matailosi ambiri n'kudzalapo zomera, Rotterdam n'kupambana, ndipo chaka chotsatira mpikisanowu, wotchedwa NK Tegelwippen, unafalikira dziko lonse. Makhonsolo ena amatumiza galimoto kudzatola matailosi ozulidwawo pakhomo.

Oprit yeniyeni singazulidwe yonse, poti galimoto yolemera matani awiri singagone pamatope a ku Holland. Ndiye amisiri abwerera ku maonekedwe a njira ya ngolo: mizere iwiri ya njerwa moyenda matayala, pakati pake udzu. Ena amayala matailosi a mabowo omera kapinga, ena timiyala. Mukadutsa m'dera latsopano m'mawa galimoto itapita kuntchito, mumaona kachigamba ka udzu wofooka pamene mthunzi wake umagona, mizere iwiri ija ikutsetsereka mpaka pamalire, kenako matailosi a khonsolo, ndi ana a sukulu akudutsapo panjinga osatembenuka.